Kodi adyo ndi chamwamba zingakulitse nsomba za m'damu? Yankho kwa alimi a ku Mulanje

Mayi wina, yemwe ndi mlembi wa kalabu ya alimi a nsomba cha ku Muloza m'boma la Mulanje, walemba kuti: "Tili ndi madamu anayi a makumba ndi chilunguni. Timadyetsa madeya, nthawi zina masamba. Nsomba zathu zikuchedwa kukula, ndipo kukazizira zina zimamera zoyera ngati thonje pakhungu n'kufa. Pa gulu lathu la WhatsApp wina watumiza uthenga woti tikamasakaniza adyo, chamwamba ndi nimu m'madeya, nsomba zikula msanga ndipo sizidwalanso. Kodi n'zoona? Nanga tiziika zochuluka bwanji?"

Zikomo mayi chifukwa chofunsa musanayambe kuthira zinthu m'madamu a kalabu. Uthengawo uli ndi mbali yoona, koma waphatikiza zomera zitatu zomwe ntchito zake n'zosiyana kotheratu, ndipo chimodzi mwa izo chingakuphereni nsomba. Komanso walonjeza zimene palibe chitsamba chingachite. Adyo m'chakudya cha nsomba ali ngati mchere m'ndiwo: amakometsa pamene ndiwozo zilipo kale. Madamu ambiri amene ndimawaona ku Mulanje ndi ku Thyolo vuto lawo si kusowa adyo ayi. Ndi njala, kuzizira, madzi a asidi ndi kuthithikana.

Nkhani ya zomera m'chakudya cha nsomba siyopeka. Kwa zaka zambiri alimi akuluakulu kunja ankathira maantibayotiki pang'onopang'ono m'zakudya za ziweto kuti zizikula msanga, mpaka zinaoneka kuti mabakiteriya ayamba kupima, mankhwala osagwiranso ntchito ngakhale kwa anthu. Mayiko a European Union analetsa mchitidwewu kuyambira pa 1 Januwale 2006, ndipo chiyambire pamenepo ofufuza akhala akusakasaka zolowa m'malo. Adyo, jinja, aloe vera, masamba a gwafa, masamba a tiyi ndi zomera zina zambiri zayesedwa. Amachita chonchi: amagawa nsomba m'matanki, zina n'kumazipatsa chakudya chosakaniza ndi chomeracho, zina chakudya chomwecho chopanda kanthu. Pakatha masabata 6 mpaka 8 amaziyeza kulemera ndi magazi, kenako amazibaya dala mabakiteriya oyambitsa matenda, kawirikawiri a Aeromonas hydrophila, n'kuwerenga zimene zapulumuka. M'kafukufuku wambiri nsomba zodya adyo zapezeka kuti zimadya ndi mtima wonse, chitetezo cha m'thupi chimakwera, ndipo zimafa zochepa poyerekeza ndi zinzake.

Koma taonani mmene nsomba zimenezo zimakhalira. Zambiri ndi tilapiya wa mtsinje wa Nile, mtundu umene sitiweta kuno chifukwa malamulo a zausodzi m'Malawi muno amaletsa kulowetsa nsomba zachilendo pofuna kuteteza chambo chathu. Zimakhala m'madzi ofunda osasinthasintha, ndipo chachikulu, magulu onse awiri amadya chakudya chokwanira chokhala ndi zomanga thupi cha m'ma 30 peresenti. Adyoyo amangowonjezera pamwamba pa zimenezo. Madeya a chimanga ali ndi zomanga thupi pafupifupi 10 peresenti yokha. Ndiye mukatenga zotsatira za m'thanki n'kuziyembekezera m'damu la madeya okhaokha ku Muloza, mudzakhumudwa, ndipo anzanu m'kalabu adzati munawanamiza.

Pali kusiyana kwinanso kumene uthenga wa pa foni sunena. Zimene ofufuza amagwiritsa ntchito nthawi zambiri si masamba osinja basi. Amaviika chomeracho mu ethanol, mtundu wa spiriti, kapena m'madzi otentha, n'kusefa, n'kuumitsa, kuti atsale ndi mphamvu yake yokhayokha imene amaiyeza pasikelo yaing'ono. Ife kunyumba tingapange ufa kapena madzi ofinya, ndipo mphamvu yake imasintha malinga ndi nthaka, nyengo ndi kaumitsidwe. N'chifukwa chake ndimakayikira aliyense amene amatchula mlingo umodzi wa "zitsamba" ngati kuti zonse n'zofanana.

Pa zitatu zimene mwatchula, adyo ndiye ali ndi umboni wochuluka, ndipo pa mlingo wochepa sapweteka nsomba. Mphamvu yake yaikulu, yotchedwa allicin, simakhalamo adyo ali wathunthu. Imapangika mukamusinja, ndipo ndi imene imatulutsa fungo lija lokakamira m'manja. Imatha msanga ikatenthedwa kapena ikakhalitsa, choncho adyo wophikidwa limodzi ndi chakudya watayika kale mbali yaikulu. Mlingo umene umapezeka kawirikawiri m'kafukufuku ndi magalamu 5 mpaka 20 a ufa wa adyo pa kilogalamu imodzi ya chakudya, ndipo ambiri amakhazikika pa magalamu 10. Kupyola apo sikuwonjezera phindu, nthawi zina nsomba zimayamba kukana kudya.

Tiyeni tiwerengere pa damu limodzi kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Damu la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, mutaika nsomba zitatu pa sikweya mita, likhala ndi nsomba 600. Iliyonse ikamalemera magalamu 50, zonse pamodzi ndi makilogalamu 30. Pozidyetsa 3 peresenti ya kulemera kwake, zikufuna magalamu 900 a chakudya patsiku, ndipo adyo wake ndi magalamu 9 a ufa. Adyo wamuwisi ali ndi madzi ambiri, ndiye mufunika magalamu ngati 25, kamutu kamodzi kakang'ono patsiku. Pa madamu anayi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi ndalama yooneka ndithu. Musanagule, funsani mtengo wa adyo pamsika wa Limbuli, muuyerekeze ndi mtengo wa soya. Ngati thumba la kalabu likulola chimodzi chokha, ine ndingati gulani soya mosazengereza.

Vuto lina n'lakuti ufa wa adyo wowazidwa m'madeya ouma ukafika pamadzi umabalalika, wina n'kusungunuka, nsomba osaulawa n'komwe. Chakudyacho chiyenera kugwirana. Phikani kaphala kopyapyala ka ufa wa chinangwa, mukasiye kazizire mpaka mutha kuviikamo chala. Sinjani adyo mumtondo woyera, mumusiye mphindi zochepa, mumusungunule m'kaphalako, ndiyeno mukandire chakudya chonse mpaka chiumbike osamata m'manja. Mukhoza kuumba timibulu ndi manja kapena kudutsitsa m'kachigayo kopera nyama, n'kudula tizidutswa tokwana pakamwa pa nsomba zanu. Pangani cha tsiku limodzi kapena awiri basi. Kwathu kuno chinyezi n'chambiri, ndipo chakudya chonyowa chikagona masiku chimachita chuku. Chuku cha m'madeya chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi cha nsomba ndi kufooketsa chitetezo chomwe mukufuna kukweza. Madeya onunkha nkhungu ndi ogwirana mabuma ndi otaya, ngakhale muthiremo adyo wochuluka bwanji.

Jinja amagwiritsidwa ntchito mofananamo, magalamu 5 mpaka 10 a ufa pa kilogalamu. Sindiona chifukwa chogulira zonse ziwiri.

Chamwamba ndi nkhani ina. Ichi musachione ngati mankhwala, muchione ngati chakudya. Masamba ake ouma ali ndi zomanga thupi zopitirira 25 peresenti, kuphatikizapo mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi, choncho kwa mlimi wodalira madeya n'chothandiza kwenikweni. Komabe masambawo ali ndi saponin ndi zinthu zina zowawa zimene zimachepetsa chilakolako cha kudya ndi kusokoneza kagayidwe ka chakudya. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Hohenheim ku Germany, wofalitsidwa mu 2003, anapeza kuti tilapiya ankakula bwino pamene chamwamba chinalowa m'malo mwa 10 peresenti ya zomanga thupi za m'chakudya, koma mlingo utakwera kufika 20 ndi 30 peresenti kukula kunatsika. Ndiye wonena kuti "thirani chambiri zikule msanga" akukusocheretsani. Gawo limodzi mwa magawo khumi ndi pomwe ndingalekezere. Masambawo muziumitsa pamthunzi podutsa mphepo, ndipo musayese kutero m'masiku a chiperoni chifukwa adzada ndi kuchita nkhungu asanaume.

Kasakanizidwe kamene kalabu ngati yanu ingakwanitse ndi aka, poyeza pasikelo: magawo 6 a madeya, 3 a soya wokazinga ndi kugaya, ndi limodzi la ufa wa chamwamba. Zomanga thupi zifika cha m'ma 20 peresenti, kuwirikiza kawiri madeya okha, ndipo zotsalazo nsomba zidzazipeza m'madzi obiriwira. Soya akazingidwe ndithu mpaka asinthe mtundu ndi kununkhira, koma asapserere, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zotchinga kagayidwe ka zomanga thupi. Nandolo, amene ku Mulanje ndi ku Thyolo sasowa, angathandize pamene soya wadula, naye atakazingidwa kapena kuphikidwa, ngakhale mphamvu yake siyifika pa ya soya. Chilunguni chanu chili ndi mwayi poti chimadya masamba mwachibadwa: kholowa, nkhwani, bonongwe ndi nsenjere zanthete. Chigwada muzichifotetsa kaye padzuwa chifukwa chachiwisi chili ndi poizoni wa cyanide, makamaka cha chinangwa chowawa. Masamba a lukina nawo amafuna kuviikidwa m'madzi ndi kuumitsidwa.

Tsopano nimu. Apa ndikupemphani, mayi, muuze kalabu yonse kuti asathire. Mphamvu imene imapha tizilombo m'munda ndi m'nkhokwe imapwetekanso nsomba ikachuluka m'madzi, ndipo malire pakati pa mlingo wothandiza ndi wakupha ndi opapatiza moti simungawayeze ndi chikho ndi supuni. Ana a nsomba ndiwo amayamba kufa. Tisaiwale kuti makolo athu ankapha nsomba m'mitsinje ndi zomera. Ombwe, umene ena amati mthuthu ndipo alimi ambiri amaubzala kuti ubwezere chonde m'nthaka, uli ndi rotenone amene amalepheretsa nsomba kugwiritsa ntchito mpweya. Musaubzale m'mphepete mwa damu, ndipo ndowa imene munasungunuliramo masamba ake popopera mbewu isayandikire madzi a nsomba. Kukhala chomera sikutanthauza kuti n'chofatsa.

Poti tili m'dera la tiyi, wina adzafunsa za masamba a tiyi. Zofinyidwa kuchokera ku tiyi wobiriwira zayesedwa ndipo pa mlingo wochepa kwambiri zimathandiza chitetezo, koma tiyi ali ndi tannin amene amagwira zomanga thupi kuti zisagayike, moti akachuluka nsomba zimabwerera m'mbuyo. Ku Asia, zotsalira za nthanga za mitengo ya mtundu wa tiyi amazigwiritsa ntchito dala kupha nsomba zosafunika m'madamu a shrimp, tinyama ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu. Zinyalala za tiyi zikhale za kompositi.

Ndibwerere ku madandaulo anu awiri, chifukwa ndi pamene pagona ndalama ya kalabu.

Za kuchedwa kukula, choyamba kokani khoka pang'ono muone kuti m'damumo muli chiyani. Makumba amayamba kuswana akadali aang'ono, ndipo damu limene munaikamo nsomba 600 likhoza kukhala ndi zikwi zingapo pakatha miyezi yochepa, zonse zikulimbirana madeya omwe aja. Mukapeza tinsomba tambirimbiri tonga chala ndi zazikulu zowerengeka, yankho lapezeka. Muzichotsa anawo nthawi ndi nthawi, muwaike m'damu lawolawo kapena muwagulitse ngati mbewu, kapenanso muphunzire kwa alangizi kusankha amuna okhaokha, amene amakulanso msanga kuposa aakazi. Mwina mwamva kuti nthanga za papaya zimachepetsa kuswana. Kafukufuku wasonyezadi zimenezo, koma mlingo ukakwera zimawononga chiwindi ndi ziwalo zina, ndiye sindingakulimbikitseni kuyesa pa nsomba zogulitsa.

Chachiwiri, yang'anani mtundu wa madzi. Lowetsani mkono m'damu, chikhatho chitatambasuka. Ngati mukuchionabe bwinobwino madzi atapitirira chigongono, madziwo ndi osabereka, mulibe tizomera ndi tizilombo tating'onoting'ono timene ndi chakudya chenicheni cha makumba. Ngati chikhatho chikuzimirira madzi asanafike pakati pa dzanja ndi chigongono, mwachulutsa manyowa ndipo m'mamawa mudzapeza nsomba zikuyasamula pamwamba posowa mpweya. Pabwino ndi pamene chikhatho chikuzimirira cha pa chigongono, madzi ali obiriwira. Alimi ambiri a m'tsinde mwa phiri amanyadira madzi oyera mbee ochokera m'mitsinje, n'kumawalola kulowa ndi kutuluka usana ndi usiku. Madzi otero amakokolola chonde chonse cha m'damu ndipo amabwera ndi kuzizira kwa m'phiri. Tsekani polowera, muzingowonjezera amene aphwa.

Pali chinanso chimene chili chathuchathu kuno. Tiyi amakonda nthaka ya asidi, ndipo n'chifukwa chake amachita bwino ku Mulanje ndi ku Thyolo. Nthaka yomweyo mukakumbamo damu, madzi nawo amakhala a asidi, manyowa sagwira bwino ntchito, ndipo khungu la nsomba limafooka. Nsomba zimafuna kuti muyeso wa asidi m'madzi, wotchedwa pH, ukhale pakati pa 6.5 ndi 9, ndipo nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka. Pemphani alangizi a zausodzi akuyezereni madzi. Ngati ali otsika, mukakolola ndi kuumitsa damu wazani laimu waulimi pansi ponse, magalamu 100 mpaka 200 pa sikweya mita malinga ndi kukula kwa asidiyo. Laimu wopaka nyumba ndi woopsa, asalowe m'damu muli nsomba. Ndikhulupirira kuti kwa alimi ambiri a dera lanu, thumba limodzi la laimu lingasinthe zokolola kuposa adyo wa chaka chonse.

Zoyera zija zomera pakhungu kawirikawiri ndi nkhungu ya m'madzi yotchedwa Saprolegnia. Imakhala m'madzi nthawi zonse, koma imagwira nsomba yofooka kapena yosupuka mamba. Makumba ndi chilunguni zimakula bwino madzi akafunda madigiri 25 mpaka 30. Akatsika pansi pa 20, monga zimachitikira mu Juni ndi Julaye chiperoni chikakhazikika, zimasiya kudya mokwanira ndipo chitetezo chimatsika. Apa mpamene adyo amalephera poyera, chifukwa nsomba yosadya singalandire chilichonse kudzera m'chakudya. Ngati mukufuna kumugwiritsa ntchito, mpatseni kusanazizire, mu Epulo ndi Meyi, kwa masabata atatu kapena anayi, komanso masiku angapo musanasamutse mbewu ya nsomba. Kudyetsa chaka chonse sindikuonapo phindu lolingana ndi mtengo wake. M'nyengo yozizirayo musakoke khoka popanda chifukwa, chepetsani chakudya ndipo muzipereka masana dzuwa litafunditsa madzi, dulani nthambi zotchinga dzuwa. Damu lakuya kufika mita imodzi ndi theka kumbali yakuya limasunga kutentha kuposa la m'mawondo. Madamu ambiri anakwiririka ndi matope ndi mchenga pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo ngati anu sanakumbidwenso mokwanira, yezani kuya kwake ndi ndodo. Nsomba zochepa zimene zayamba kumene kudwala mungaziike mu ndowa ya madzi a m'damu momwemo osungunuliramo mchere wamba, magalamu 10 pa lita, kwa mphindi 10 mpaka 15 mukuziyang'anira, ndipo ikayamba kupendekeka muichotse msanga.

Musasokoneze nkhunguyi ndi matenda a zilonda otchedwa EUS, amene anatsimikizika koyamba m'Malawi mu 2020 m'boma la Mchinji. Amayamba ndi timadontho tofiira, kenako zilonda zakuya zodya mnofu, ndipo amakonda nyengo yozizira ndi madzi a asidi. Amenewa alibe mankhwala, kaya a m'sitolo kaya a zitsamba. Mukaona zotere dziwitsani ofesi ya zausodzi ya boma lanu tsiku lomwelo, musagulitse kapena kusamutsa nsomba, musabwereketse khoka, ndipo zakufa muzikwirire kutali ndi madzi. Musadye nsomba za zilonda. Ndipo chonde musatsegule makapisozi a kuchipatala n'kuthira m'damu monga ena amachitira. Sachiza nkhungu, amangopimitsa mabakiteriya amene mawa adzadwalitsa ana athu.

Popeza muli ndi madamu anayi, muli ndi mwayi wodzionera nokha m'malo modalira uthenga wa pa foni kapena mawu anga. Mukakonza chakudya ndi madzi, dikirani kufunde, cha mu Seputembala. Mangani timaukonde tiwiri tofanana, tija timati mahapa, m'damu limodzi kuti madzi akhale amodzi. Muike nsomba 30 za msinkhu umodzi m'kalikonse, muziyeze pasikelo tsiku loyamba, mulembe m'kope la kalabu. Konseko muzipereka chakudya chimodzimodzi, mlingo umodzi, nthawi imodzi, kusiyana kukhale adyo yekha. Muziyeza masabata awiri alionse m'mamawa musanadyetse, mulembenso zakufa ndi ndalama imene yapita ku adyo. Pakatha masabata 8, chotsani kulemera kwa gulu lopanda adyo pa kulemera kwa linalo, muchulukitse ndi mtengo umene mumagulitsira kilogalamu, muone ngati ndalamayo ikuposa imene munagulira adyo. Kusiyana kwa magalamu ochepa kungabwere mwangozi, ndiye bwerezani m'damu lachiwiri musanagamule. Zotsatirazo mukawapatse alangizi anu kuti azifikitse ku National Aquaculture Centre ku Domasi kapena kwa aphunzitsi a zaulimi wa nsomba ku LUANAR ku Bunda, chifukwa zambiri zolembedwa pa nkhaniyi n'za nsomba za kunja, pamene manambala anu adzakhala a makumba ndi chilunguni m'madzi a ku Mulanje.